Hatchi Yanga ndi Dzuwa la Lachisanu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ulendo wa ku Blantyre unandiphonya chifukwa cha hatchi ya pulasitiki.

Sukulu yathu inali pakati pa minda ya tiyi. A Mwale, aphunzitsi a masamu, ndiwo anatiphunzitsa tchesi, ndipo mu ofesi mwawo munali kompyuta yokalamba imene a esiteti anapereka atatopa nayo. Ikamaganiza inkalira ngati chigayo chapatali.

Malo opita ku mpikisano wa tchesi ku Blantyre anatsala amodzi, koma owafuna tinali awiri, ine ndi Tiyamike, mwana wa kalaliki wa kufakitale ya tiyi. Tinasewera Lachisanu masana. Masewero atafika pakati ndinapereka dala hatchi yanga kuti njira yopita kwa mfumu yake itseguke. Iye anaidya osafunsa.

A Mwale anali osunga Sabata, limene limayamba Lachisanu dzuwa likalowa, ndipo dzuwa linali litapendeka. "Basi, nthawi yatha," anatero. "Kompyuta itiuze amene ali patsogolo."

Analowetsamo masewero athu uku akufotokoza: msilikali ndi poyinti imodzi, hatchi ndi mapoyinti atatu, ndipo nambala imene kompyuta imaonetsa imapendekera kwa amene zikumuyendera. Inapendekera kwa Tiyamike. Anathimitsa pomwepo, natseka chitseko. Ndinadutsa m'mizere ya tiyi, fungo la masamba akuuma kufakitale likundilondola. Mtima unandiwawa, koma sindinatsutse. Tonse tinkati makina sanama.

Tiyamike ananyamuka Lamulungu m'mawa, poti mpikisano unali wa tsiku lomwelo. Lolemba a Mwale anandiitana.

"Ndimafuna ndikuonetse pamene unalakwitsa," anatero. "Ndinayatsa kompyuta ija, n'kupita kukalasi. Taona zimene ndapeza pobwera."

Nambala inali itatembenuka, ili mbali yanga, yayikulu ndithu. Pansi pake panali njira yonse yogwirira mfumu ya Tiyamike. Anandiuza kuti kompyuta imayamba yaona zapafupi, zimene zadyedwa, kenako imalowa m'tsogolo pang'onopang'ono, pamene phindu la chinthu choperekedwa dala limakhala patali. Lachisanu lija sinafikeko. Sanapepese. Anangovula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

Lero ndikudziwa kuti nambala ija sinaname, inanena zimene inali itaona kufika pamene anaithimitsira. Tsopano ndine mphunzitsi, ndipo ndikamaweruza ntchito ya mwana ndimayamba ndadzifunsa ngati ndaona mokwanira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kompyuta inali ndi mwayi wosintha maganizo Lolemba. Koma Lolembalo Tiyamike anali atabwerako kale ku Blantyre, akutisimbira za nyumba zosanja.