Masekondi Makumi Anayi a Mayi Bizeki

Tsiku limene Davison anakocheza bwato ndi theka la ukonde, kachitatu mwezi womwewo, Edith Bizeki sanakalipe. Anatola nsonga yodulidwayo n'kuiyang'anitsitsa. Mpeni unali utadutsa mosalala ngati sizasi ya telala.

"Alamu, nanga ndikanatani?" anatero Davison, mng'ono wa malemu mwamuna wake. "Wakodwanso. Ndakoka mpaka bwato kufuna kundigubuduza."

"Pamtengo uti?"

"Wa bwemba uja, wa m'dimba la a Namaliya."

Dimba la a Namaliya linali litatha zaka ziwiri lili pansi pa madzi. Nyanja itakwera inameza madimba a kumunsi kwa Mtakataka pamodzi ndi mitengo yake, ndipo mitengoyo inangoimabe pansipo, nthambi zili yangayanga. Nsomba zinawakonda malowo. Wotchera kutali ndi mitengo ankabwerako chimanjamanja, wotchera pafupi ankabwerako ndi kampango koma ukonde uli zidutswa.

Edith anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Amuna ake, a Lazaro, anamusiyira ana atatu, bwato limodzi ndi matchera asanu ndi limodzi, maukonde aja amatchera lero n'kukawonjola mawa m'mawa. Pofika tsikuli athunthu anali atatsala awiri. Davison ankapalasa bwino, koma anakulira ku Golomoti m'minda ya thonje, ndipo mutu wake sunalowepo m'madzi mwadala. Amuna odziwa kubira pagombepo onse anali ndi mabwana awo a maboti a injini. Ukawapempha ankangoti, "Tibwera," osabwera.

Koma Edith anabadwira pagombe pomwepo. Ali mtsikana ndiye ankabira kukatola mbale zimene anzake amiza potsuka. Choncho m'mawa mwake anavala buluku la malemu mkati mwa chitenje n'kukwera nawo bwato. Ukonde utakodwa, anavula chitenjecho n'kulowa m'madzi. Asanafike n'komwe panthambi yoyamba chifuwa chinayaka moto, pakhosi panatsekeka, ndipo anatulukira pamwamba ali wefuwefu, atamwa madzi.

"Mwabwerako kale?" anafunsa Davison. Sankanyoza ayi, ankangofunsa, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri Edith.

Masana omwewo anapita kwa Che Mustafa, bambo wachikulire amene ankasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti. Pa unyamata wawo anagwirapo ntchito ku Salima yogwira tinsomba tamawangamawanga totumiza kunja, ndipo khutu lawo lakumanzere linafera komweko. Anamumvetsera atapendeka mutu, singano ili m'manja.

"Mama, gulani ukonde wina," anatero. "Kubira si ntchito yoyamba munthu ali ndi ana atatu."

"Ndataya kale anayi, Che Mustafa. Onse ali pamtengo wa bwemba."

Che Mustafa anamuuza kuti akhale pamkeka, ayatse wotchi ya pafoni, akoke mpweya kamodzi n'kuugwira. Edith anagwira mpaka maso kutuzuka. Foni inati miniti imodzi ndi masekondi asanu.

"Mwatulutsiranji?"

"Mpweya unatha."

"Sunathe. Ukanatha mukanagwa. Tamverani. M'thupimu muli mpweya wabwino umene mwakoka, ndiye pali woipa umene thupi limapanga, wofunika kutuluka. Mukagwira, woipawo umachuluka, ndipo ndi umene umakuwa kuti pumani, pumani, mukufa. Umakuwa msanga, wabwino ukadalipo wambiri. Ntchito yathu ndi kuzolowetsa thupi kuti lizimva kukuwako osanjenjemera."

Anamulembera ndondomeko kuseri kwa katoni ya sopo. Kugwira mpweya masekondi makumi anayi, kasanu ndi katatu. Masekondiwo sasintha, chosintha ndi nthawi yopuma pakati: poyamba maminiti awiri, kenako kuchotsapo masekondi khumi ndi asanu ulendo uliwonse, mpaka womaliza kupuma masekondi khumi ndi asanu okha. Katatu pa sabata basi. Kumimba kopanda kanthu. Pamtunda, chogona kapena chokhala.

"M'madzi mudzalowa liti, ndikuuzani ndine. Ndipo m'madzi simulowa nokha ngakhale ofika m'mawondo."

Edith anaona ngati akumuchedwetsa. Masekondi makumi anayi, iye wofika miniti?

Maulendo anayi oyamba analidi masewera. Wachisanu mimba inayamba kugunda mkati, ngati mmene ankachitira Ulemu, mwana wake woyamba, asanabadwe. Wachisanu ndi chimodzi thukuta linatsika m'khosi. Wachisanu ndi chiwiri anafika masekondi makumi awiri ndi asanu n'kuphulika, kukhosomola mpaka misozi. Lachitatu zinali chimodzimodzi. Lachisanu chimodzimodzi.

Amene ankagwira foni anali Memory, mng'ono wake, wogulitsa tomato pamsika wa Mtakataka. Ankabwera dzuwa litangotuluka, dengu lili pamutu, n'kukhala pakhonde kuwerenga mokweza.

"Usamawerenge mokweza, ukundisokoneza!"

Memory anayamba kuwerenga chamumtima.

"Nanga wangoti duu bwanji? Ndidziwa bwanji pamene ndafika?"

"Achemwali, sankhani chimodzi. Tomato wanga akupsa ndi dzuwa."

Pamudzi sipabisika kanthu. Tsiku lina mayi woyandikana nawo anasuzumira kumpanda, n'kuona Edith atagona chagada pamphasa, maso ali tseke, mimba ikudumpha. Anakuwa kuti Mayi Bizeki agwa khunyu, anthu n'kuthamangira ndi madzi m'ndowa, wina atayamba kale kuimbira wa njinga yamoto kuti awatengere kuchipatala cha ku Mua. Kuyambira pamenepo, akamadutsa pagombe, asodzi ena ankafufumitsa masaya n'kutsinzina. Kumphakati wa kutchalitchi amayi anzake anamufunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti akuvala buluku la malemu.

Masabata asanu anatha, ulendo wachisanu ndi chiwiri uli chiimire ngati khoma. M'masabata omwewo Davison anadulanso ukonde wina. Edith anapita kwa Che Mustafa katoni ili m'manja.

"Izi sizikugwira ntchito."

"Mukamagwira, mapewa anu amakhala kuti?"

"Mapewa alowapo bwanji?"

"Ali m'makutu. Nsagwada mwaluma, zibakera mwakunga. Mukumenyana ndi ndani? Mnofu uliwonse wolimba ukudya mpweya wanu. Mimba ikayamba kugunda, isiyeni igunde. Muziwerenga kugundako ngati mukuwerenga nkhuku za eni."

"Inu mumayankhula ngati nthawi ndili nayo."

"Ine zinanditengera chaka."

Edith anachoka osatsanzika bwino.

Njira yachidule anaimva kwa msodzi wina wa boti la injini. Anati iwo asanabire amapuma mothamanga, kukoka ndi kutulutsa kambirimbiri mpaka mutu kupepuka. Edith anayesa pakhonde. Zala zinachita dzanzi, m'maso munadutsa tinyenyezi, koma atagwira mpweya panalibe moto m'chifuwa, panalibe kugunda. Foni inati miniti imodzi ndi masekondi makumi asanu. Anaseka koyamba m'mwezi wonsewo. Sanawauze Che Mustafa. Loweruka m'mawa anamukoka Memory kupita kumalo obisika kuseri kwa mabango, kumene madzi amalekeza m'chiuno.

"Paja anati musalowe," anatero Memory.

"Anati ndisalowe ndekha. Iwe sindiwe munthu?"

Anapuma mothamanga muja, n'kugwada pansi pa madzi atagwira mwala. Zimene akukumbuka n'zakuti kunali bwino. Mchenga unkaoneka woyera, tinsomba tikudutsa, ndipo mumtima ankati lero ndafika. Kenako anadzidzimuka ali chagada pamchenga wa pamtunda, pakhosi pakuwawa, Memory akumumenya makofi uku akulira. Memory anati anaona thovu likutuluka, manja atasiya mwala, thupi likungotembenuka lokha. Anamukoka ndi tsitsi.

Memory yemweyo ndiye anakanena. Che Mustafa anabwera okha kunyumba, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo anakana mpando.

"Mpweya woipa uja mumadana nawo ndiye mlonda wanu," anatero. "Mukapuma mothamanga mumamuthamangitsa, koma wabwino suwonjezekera. Ndiye umatha mwakachetechete, popanda wokuuzani. Ine ndinavuulapo mtembo wa mnzanga ku Salima, madzi ofika pachifuwa. Anali katswiri kuposa ine. Ndipatseni katoni yanga."

Anaitenga n'kupita nayo. Masabata awiri Edith sanagwire mpweya ngakhale kamodzi. Ankangokhala kusoka zidutswa za maukonde, kulumikiza ichi ndi icho, ulusi wake wosiyana mitundu. Anakwiyira Memory, anakwiyira Davison, anakwiyira nyanja, anakwiyiranso a Lazaro amene anafa osamuphunzitsa kanthu. Sabata yachitatu anaphika mbatata, n'kupita nazo kuseri kwa mzikiti, n'kukhala pansi mpaka Che Mustafa anamaliza kusoka mbali yonse ya ukonde.

"Tiyambira pa makumi atatu," anatero osamuyang'ana.

"Makumi atatu? Kubwerera m'mbuyo?"

"Kapena pitani kwa a injini aja."

Anayambira pa makumi atatu. Zinamutengera masabata atatu kubwerera pa makumi anayi, ndi enanso atatu kuti amalize maulendo onse asanu ndi atatu. Tsiku limene anamaliza sanamve kukoma kulikonse. Moto unali womwewo, kugunda komweko, kungoti anagona n'kuzisiya zichitike, mapewa ali pansi. Anamufunsa Memory ngati sanabere masekondi. Memory anamuponyera foni pamiyendo n'kusenza dengu lake.

Pambuyo pake Che Mustafa anayamba kumutengera m'madzi, iwo ataima pambali dzanja lili paphewa pake. Anamuphunzitsa kutsina mphuno n'kuuzira mkati kuti makutu atseguke akamatsika, n'kumubwereka magalasi awo akale obirira m'madzi, a lamba womangidwa ndi mphira wa njinga. Apa panatuluka chokhumudwitsa china. Pamphasa Edith anali atafika miniti ndi theka, koma m'madzi, akupalasa miyendo, masekondi makumi awiri ndi asanu ankakhala ambiri.

"Ndiye miyezi yonseyi ndavutikira makumi awiri ndi asanu?"

"Poyamba munali ndi angati?"



Mwezi wa Okutobala, m'mawa wina kopanda mphepo, ukonde unakodwa pamtengo wa mthethe, kuya kwake ngati nkhafi zitatu kuzilumikiza. Che Mustafa anakwera nawo bwato, chingwe chomangidwa m'chiuno mwa Edith chili m'manja mwawo. Ulendo woyamba Edith anangokaona mmene wakodwera. Wachiwiri anamasula maso atatu a ukonde, minga n'kumulasa pachala. Akatuluka ankafuna kubwereranso pompo, koma iwo ankakoka chingwe.

"Pumani maminiti awiri. Pang'onopang'ono."

"Dzuwa likukwera!"

"Likwere."

Anatsika maulendo khumi ndi anayi. Pomaliza panatsala mbali imodzi yozengezeka panthambi ya pansi kwambiri, imene anaifika kawiri koma zala osachita kanthu. Anatuluka, anagwira m'mphepete mwa bwato, n'kunena yekha kuti, "Dula." Davison anadula kachigawo kotalika ngati mkono. Ukonde wonse wotsala unakwera m'bwato.

Pofika kumtunda dzuwa linali pamutu. Ogula anali atapita kale ndi maminibasi a m'mawa, ndipo nsomba zina zinali zitayamba kufewa. Davison, akutsitsa dengu, anang'ung'udza kuti akanadula m'mawa muja bwenzi nsomba zitagulidwa zonse. Edith anali atakhala pamchenga, khutu likulira, manja ali magazi okhaokha. Anafuna kumugenda ndi nkhafi, koma mkono unakana kudzuka. Nsombazo anazipatula n'kuziwamba.

Mpaka lero Edith amagona pamphasa kugwira mpweya Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo amadana nazo monga tsiku loyamba. Ukonde ukakodwa pafupi amaumasula, ukakodwa pakuya kapena mwera ukavundula madzi amadula. Che Mustafa miyendo inayamba kuwavuta, ndiye chingwe amagwira ndi Davison, amene anaphunzitsidwa chochita munthu akakomoka, ngakhale amagwira akudandaula.

Mwezi wathawu a Feston, mmodzi mwa amene ankafufumitsa masaya pagombe, ukonde wawo watsopano unakodwa. Anamukokera Davison pambali n'kumunong'oneza kuti akawapemphe alamu akewo akaumasule, koma apite m'mamawa anthu asanadzuke, ndipo zisamveke.

"Kawauze abwere okha pakhomo pano, masana, adzanene ndi pakamwa pawo," anatero Edith atamva uthengawo.

Anadikira tsiku lonse. Anakonzeratu magalasi, anasintha mphira wa lamba, sanadye n'komwe chamasana kuti mwina abwera. A Feston anadutsa kawiri pamsewu wa kuseri kwa nyumba, ulendo wachiwiri anaima pang'ono pampanda n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke, kenako anakwera n'kupita. M'mawa mwake anakadula ukonde wawo pakati.