Tsiku limene amayi anayankhula ali chiimire

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ine ndinali mu Sitandade 7, ndipo abambo anali atachoka pakhomo. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kumtunda kwa Matandani, kumene abambo anadzakhala chikamwini. Iwo anatsikira ku Lisungwi n'kukatsegula kagolosale, ndipo pasanapite nthawi tinamva kuti akukhala ndi mkazi wina. Ankhoswe anakhalapo pansi kangapo, koma sizinaphule kanthu. Mwana ndinalipo ndekha. Awiri amene anabadwa pambuyo panga anamwalira ali makanda.

Sindinali mwana woyankhula. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu ankandithawa ngakhale yankho ndikulidziwa. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba kumasamba otsala a kope lakale la masamu, ndipo zambiri za nyengo imeneyo ndikuzikumbukira chifukwa ndinazilemba.

Samani yotiitanira kukhoti inabwera tikukumba mbatata ya kachewere. Abambo ankafuna kuti ukwati uthe ku khoti la ku boma, komanso ankafuna kunditenga kuti ndizikakhala nawo ku Lisungwi. Ankati kumeneko sukulu ili pafupi, ndipo ndikakhoza adzanditumiza ku sekondale.

Amalume, achimwene awo a amayi, anaseka atamva.

"Alamu apenga eti? Tambala akamachoka pakhomo amanyamula anapiye? Achemwali, musataye nazo tulo. Inu mukangokhala phee. Mbumba ndi yanga, ndikayankhula ndine."

Ndi mmene zinkakhalira m'makhoti akale aja, oweruza motsata mwambo. Mwinimbumba ankayankhula, mkazi ali pansi, maso pansi. Koma boma litasintha makhoti amenewo anatsekedwa, ndipo amalume sanaziganizire zimenezo.

Tsiku la mlandu tinalawirira wapansi. Khoti linali chipinda chimodzi cha mabenchi, ndipo pa tebulo la kutsogolo panakhala a majisitireti achinyamata, osati nkhalamba zimene amalume ankayembekeza. Abambo anavala jekete imene sindinkaidziwa. Anayankhula bwino. Anati dziko lasintha, mwana ndi wa makolo onse awiri, ndipo iwo ndi amene angathe kundiphunzitsa. Sananame paliponse, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri.

Atamaliza, amalume anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Bwana, ine monga mwinimbumba..."

"Pepani bambo, takhalani pansi," anatero a majisitireti, mosakalipa. "Tikafuna mboni tikuitanani. Pano ndikufuna kumva kwa mayi a mwana."

Amayi anatsika pa benchi n'kugwada pa simenti. Kalaliki anawauza kuti aimirire. Anaimirira, manja atagwira nsalu m'chiuno, n'kunena chapansipansi kuti, "Ayankhule achimwene." Anawafunsanso, iwo n'kubwereza mawu omwewo. A majisitireti analemba kanthu, kenaka anati mlandu aupitiriza mwezi wotsatira, ndipo tsiku limenelo akadzapanda kumva mbali ya amayi, adzagamula ndi zimene amva kale.

Panja, amalume akudandaula za dziko lotaya mwambo, mayi wina amene anali m'khotimo anatilonjera. Ankagulitsa kaunjika pamsika wa boma, ndipo anali m'gulu la ku tchalitchi limene linaphunzitsidwa za malamulo atsopano kuti lizithandiza anthu.

"Ine sindine loya, amayi," anatero, "ndipo m'khotimo sindingakuyankhulireni. Palibe angakuyankhulireni. Bwana aja adzakufunsani funso limodzi lalikulu: chifukwa chiyani mwanayu akhale ndi inu? Mukadzati ndi mwambo, adzamva, koma sizidzakwana. Akufuna kudziwa chimene chingamukomere mwanayo. Ndipo mudzapemphe kuti bambo ake azimuthandiza ngakhale akhale kwa inu. Lamulo likulola."

"Ine pagulu sinditha," anatero amayi.

"Muziyeserera kunyumba. Wina akhale bwana, azikufunsani, inu muziyankha muli chiimire mpaka miyendo izolowere." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, kusukulu umapita? Basi, kuyambira lero bwana ndiwe."

Tinkayeserera masana ndikaweruka, kuseri kwa nyumba, pakati pa mitengo ya manachesi imene abambo anabzala. Ndinkatulutsa mpando wawo wa thabwa, umene munthu aliyense anali asanaukhalepo chichokereni iwo. Tsiku loyamba ndinakhala kunsonga kwenikweni. Kwathu mwana sakhala pampando amake ali chiimire, ndipo tonse awiri tinachita manyazi ngati tavala zovala za eni.

"Dzina lanu ndani?" ndinafunsa.

"Aa iwe, sukundidziwa?"

"Amayi, yankhani bwana."

"Bwana wake wa zigamba m'diresi ameneyu!"

Anaseka mpaka kugwira mtengo. Chibwerere samani ija anali asanasekepo.

Mafunso ang'onoang'ono anawazolowera msanga: kumene amakhala, zimene amalima, mtunda wa kusukulu. Mawondo anasiya kufuna kupinda. Koma ndikafika pa funso lalikulu lija, amayi ankayang'ana kumbali. Tsiku lina anati, "Ndinabereka ndine." Tsiku lina anati, "Mwambo wake ndi womwewo." Ndinkawakumbutsa kuti mayi wa kaunjika uja anati zimenezo sizikwana. Tsiku lina anangonyamula chidebe n'kupita kumadzi, ine ndili pampando pomwepo.

Amalume anatipeza kamodzi.

"Masanje awa? Achemwali, tamverani ine, ndikupatseni mawu."

Anawaphunzitsa mawu aatali, odzaza ndi miyambi. Amayi anayesa kuwaloweza, koma pofika mawa lake anali atabalalika.

Mwezi unkatha. Mu kope muja ndinalemba mzere umene mpaka lero umandipweteka ndikaukumbukira: "Mwina amayi alibe chifukwa." Sindinkawakwiyira. Ndinkaganiza kuti mwina abambo akunena zoona, kuti ine kwa amayi ndine pakamwa powonjezera chabe. Ndinapinda zovala zanga, n'kuzimanga m'nsalu pamodzi ndi makope, n'kubisa kamtoloko kuseri kwa matumba a mbatata, kuti tsiku likadzafika ndisadzachedwetse anthu.

Tsikulo linafika. Kunali chisanu, ndipo tinanyamuka osadya kanthu. Mayi wa kaunjika uja anatseka benchi yake pamsika n'kudzakhala kumbuyo, pafupi ndi ine. Amayi ataitanidwa anapita kutsogolo. Ndinaona mawondo awo akuyamba kupinda, kenaka anawongoka. Mafunso oyamba anawayankha monga tinkachitira pa manachesi paja. Kenaka a majisitireti anaika cholembera pansi.

"Bambo ake ali ndi golosale, ndipo sukulu ili pafupi ndi kwawo. Tandiuzani, mayi, chifukwa chiyani mwanayu akhale ndi inu?"

Amalume anayamba kusuntha pa benchi. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Bwana, mwana uyu sapempha."

Mawu a amayi anali otsika, koma anamveka chipinda chonse.

"Chibadwire chake sanandiuzepo kuti ndili ndi njala, kapena kuti mutu ukundipweteka. Malungo akamugwira ndimadziwa poona mmene watulira chidebe. Chaka chatha anayenda masiku ndi munga kuphazi. Ndinadziwira pa mapazi ake padothi, chifukwa ankaponda ndi chidendene chokha. Panopa wamanga kale zovala zake m'nsalu, wabisa kuseri kwa matumba, kuti mukagamula asavutitse munthu. Sanandiuze. Bambo ake si munthu woipa ayi, koma amakhala m'golosale tsiku lonse. Mkazi wawo sindikumunena, mwanayu sakumudziwa basi. Kumeneko adzamufunsa kuti uli bwanji, iye adzati ndili bwino, ndipo adzamukhulupirira."

Anapuma pang'ono, n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu.

"Sukulu nanenso ndikuifuna, bwana. Amuphunzitse ali kwa ine."

Ndinkafuna simenti ing'ambike ndilowe. Za kamtolo kaja sindinkadziwa kuti anakaona. Mayi wa kaunjika anandigwira dzanja, osandiyang'ana.

A majisitireti anafunsa abambo ngati akutsutsapo. Abambo anacheuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani chimene wakhala akuchidutsa tsiku ndi tsiku.

"Ayi, bwana," anatero. "Ndi mmene alili."

Ukwati unatha tsiku limenelo. Khoti linagamula kuti ndikhale ndi amayi, abambo azigula zovala za sukulu ndi makope, adzalipire sekondale ndikadzakhoza, ndipo patchuthi ndizipita kukawaona ku Lisungwi. Amalume sanaitanidwe n'komwe. Potuluka anangoti, "Achemwali, mawu aja munawatenga kuti?" Amayi anakhala pa khonde la khoti. Sanasangalale. Anali atangosiyana ndi mwamuna amene anaika naye ana awiri m'manda.

Abambo anabwera pamene ndinaima.

"Wadya?"

"Ndadya," ndinatero.

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana amayi. Amayi anapukusa mutu pang'ono. Abambo anapita chakumsika, n'kubwerako ndi zitumbuwa zotentha zokulunga m'pepala. Anaziika m'manja mwanga, n'kuwagwira manjawo kanthawi. Kenaka ananyamuka kukafuna galimoto yotsikira ku Lisungwi.

Tinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Ndinapita kuseri kwa matumba kuti ndimasule kamtolo kanga, koma sindinakapeze. Zovala zanga zinali pa chingwe chake cha masiku onse, makope ali pawindo. Amayi anali atakamasula m'mawa, tisananyamuke.