Sipika ya a Sakala ndi nshawa zanga

Lolemba lapitali anandithamangitsa pabwalo la malonda kuno ku Chipata chifukwa cholankhula. Sindinabe, sindinatukwane, sindinamenye munthu. Ndinangolankhula. Ine Jere, amene ndikaitana ng'ombe zanga ku Chipangali ndi za m'mudzi wina zomwe zimatembenuka, lero pakamwa panga pasanduka mlandu!

Khalani pansi ndikuuzeni, poti ena mumangokukuta nshawa osadziwa njira imene zadzera.

Kale tinkagulitsira pansi pa mkuyu kuseri kwa msika. Malole a ku Lusaka ankaima pomwepo, aliyense akufuula zake, wogula akuzungulira, apa kutafuna, apo kulavula. Linali phokoso, inde, koma phokoso la tonse. Ndiye kunabwera a Sakala, munthu wa tayi, atachotsedwa ntchito kumigodi. Anamanga mpanda m'mbali mwa msewu waukulu, nakokamo foni, napachika sipika pamlongoti, m'kaofesi naikamo kompyuta yofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi.

"Atate, lekani kuwononga mmero," anatero kwa ine. "Mungondiuza zimene muli nazo ndi mtengo wake. A ku Lusaka akaimba foni ndiwauza, akafika sipika ilengeza. Zonse ndi ulere."

Ulere! Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tinakondwa. Ndipo amene anakokera anthu kumeneko ndi mawu angawa, osati sipika. Ogula anapita chifukwa ogulitsa tinali komweko, ogulitsa otsala anatsatira chifukwa ogula anali komweko, mpaka pamkuyu panamera udzu.

Chaka chino a Sakala ayamba kugulitsa nshawa zawozawo. Nanga ndani akudziwa mtengo wa aliyense wa ife? Ndi iwo, poti timawauza tokha m'mawa uliwonse ngati ana abwino. Ndani amayankha foni? Ndi iwo. Ndiye sipika ikatsegulidwa imayamba ndi kanyimbo, kenako nshawa za a Sakala, zazikulu, zouma, zotsikirako pang'ono mtengo kuposa za tonse. Imabwereza. Imabwerezanso. Malole akadzaza, madalaivala akumanga matenti, m'pamene mumamva mwachangu, ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa: "Kulinso za a Jere ndi za anaTembo."

Kulinso! Chalimbana changa, nshawa ya mtundu wapamwamba, chimene mbeu yake ndinasankha ndi manja angawa, chasanduka kulinso.

Matumba anga agona pamenepo mwezi, mitambo yayamba kale kusonkhana chakum'mawa, ndipo nshawa zikanyowa zimachita chuku. Zikachita chuku, feteleza wa chaka chino palibe. Ndiye Lolemba ndinakwera pathumba langa n'kutsegula pakamwa monga Mulungu anandipatsira. Madalaivala anatembenuka onse. A Sakala anatuluka m'kaofesi tayi ili paphewa.

"Amdala, tsikani. Muno safuula. Pali sipika."

"Sipika ya ndani?"

"Ya tonse."

"Nanga bwanji imakonda nshawa za nyumba imodzi?"

"Amdala, atambala awiri salira m'khola limodzi. Bwalo ndi langa. Ngati simukondwa, pitani kwina. Masiku ano msika ndi waufulu."

Ndinapita, poti ndine mfulu. Ndinalemba ngolo, ndinatutira matumba pamkuyu, ndinakhala paufulu wanga tsiku lonse. Wogula amene anabwera ndi mbuzi imodzi. Inalawa, inaoneka kuti yakhutira, koma mtengo sinatchule.

Uwu ndiwo ufulu umene akutiimbira masiku ano. Kale boma linkatiuza kogulitsa, tinkadandaula. Tsopano palibe akutiuza, kungoti khomo latsala limodzi ndipo lili ndi mwini. Kodi munthu ukamuuza kuti sankha njira iliyonse pomwe mlatho uli umodzi, wamupatsa ufulu kapena ukumuseka?

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita kuboma, poti ndinamva kuti kunapangidwa lamulo la mpikisano pamalonda, loletsa wamkulu kupondereza aang'ono. Kalaliki anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando.

"Atate, a Sakala akukulipiritsani mokwera?"

"Salipiritsa."

"Anapangana ndi anzawo kuti akweze mitengo?"

"Alibe anzawo. Ndicho ndabwerera."

"Wogula akudandaula?"

"Adandaule chiyani, akugula motchipa?"

"Ndiye mlandu uli pati, atate?"

Anawonjeza kuti lamulolo liliko ndithu, likukhala ku Lusaka, ndipo eni ake ali otanganidwa ndi makampani akuluakulu. Ndinamufunsa ngati lamulolo likusowa ndalama ya basi, tisonkhe lidzatione. Sanaseke. Ana a sukulu saseka kuntchito.

Ine sukulu ndinalekera pakhomo, nchifukwa chake zimene ndimalemba muno m'nyuzipepala akonzi amazichapa kaye. Koma ichi ndikuchiona popanda magalasi: lamuloli likufunafuna wakuba amene amakupisa m'thumba. Wakuba amene amakupatsa mpando waulere n'kukutengera ogula silimudziwa nkhope. Ndipo si nkhani ya Chipata yokha. Pawailesi ndamva kuti ku Amerika boma lili m'khoti ndi kampani yaikulu ya makompyuta, ati chifukwa aliyense amadzera pakhomo pake, ndiye yaika katundu wake pakhomo pomwepo, wa anzake kumbuyo. Ndinaseka mpaka anaBanda, akazi anga, anabwera kudzaona ngati ndatsamwa. Azungu ndi mabuku awo onse apeza a Sakala awo! Akanandiimbira foni ndikanawafotokozera, koma foni ili kwa a Sakala.

Tsono Lachisanu, tsiku la malole ambiri, ndinakokera matumba pachulu chili kutsidya kwa msewu, kunja kwa mpanda. Chulu chilibe mwini koma chiswe. Ndinafuula. A Sakala anakweza sipika. Ndinawonjeza. Anakwezanso mpaka agalu anayamba kulira. Ndivomere, pamenepo waya unandiposa.

Kenako magetsi anazima.

Abale, simunamve chete wokoma chonchija. Ndinadzaza chifuwa n'kutulutsa chalimbana changa kuti ndi a kukomboni ya Nabvutika omwe amve. Woyamba kuwoloka msewu anali Mulenga, dalaivala Mbemba, mbuya wanga wa chipongwe, poti ife ndi Abemba timanyozana mwachibale.

"Iwe mdala wodya mbewa, wameza sipika?"

"Iwe wodya anyani, tsitsa chitseko cha lole, uone chakudya cha anthu."

Anatafuna, anagwedeza mutu, anayamba kukweza. Kuseri kwa mpanda anzanga anali kukuwa: "A Jere, tifuulirenikoni nafenso!" Ndine munthu wa anthu, sindikanakana. Ndinawafuulira ndithu, zanga zitatha kukwera. Nanga mukanakhala inu? Ndinatchula aliyense ndi dzina lake, momveka bwino, osati za kulinso. Kungoti pofika pa anaTembo, mayi wamasiye amene timayandikana matumba, lole ya Mulenga inali itadzaza, ndipo magetsi anayaka, sipika inakhosomola n'kuyamba kanyimbo kake.

AnaTembo anawoloka msewu, manja m'chuuno.

"A Jere, inu ndi a Sakala mwangosiyana tayi."

"Amai, ine ndakufuulirani ulere!"

"Nawonso amatero."

Anthu anaseka, koma ine sindinachite manyazi, ndipo sindichita. AnaTembo anangonditsimikizira mlandu wanga. Ngati ine, munthu wolungama amene Chipata yonse imamudziwa, nditagwira sipika kanthawi kochepa ndinayamba ndi thumba langa, mukuyembekeza chiyani kwa munthu wa tayi amene waigwira chaka chonse? Vuto si mtima. Vuto ndi kulola kuti pakamwa pa tonse ndi thumba la mmodzi zikhale za munthu yemweyo. Wogwira sipika asiye nshawa, wofuna nshawa asiye sipika, ndipo chulu chisaletsedwe. Lamulo lonse ndi limenelo. Ndalilemba m'mizere iwiri, ine wosaphunzira, ndipo a ku Lusaka alitenge, sindilipiritsa.

Feteleza wanga ndagula, ali m'nyumba. Matumba a anaTembo akadali m'mpanda muja, afunditsidwa mapepala apulasitiki, ndipo dzulo mvula inawaza. Sipika ikuwatchulabe madzulo aliwonse malole atanyamuka.

Ndiye ndikufunseni inu a malamulo, inu amene muli ndi maofesi ndi mafani: mayi uja adikire inu, kapena apemphere kuti magetsi azimenso?