Njinga Imene Agogo Anaidzutsa Okha

Kufikira lero, njinga yamoto ikandidutsa n'kundisiyira utsi uja wabuluwu wa petulo wosakaniza ndi oyilo, m'mphuno mwanga mumabweranso fungo la chinangwa chovikidwa chili pathandala, ndipo ndimaona agogo anga a Monika ataima pabwalo la kwathu ku Msumba, atamanga chitenje, chimene kwathu timati kapulana, mothina m'chiuno, akukalipira aliyense amene waima pafupi. Anali mzamba, wamfupi, wa manja akuluakulu. Anthu ambiri a m'mudzimo anafikira m'manja amenewo pobadwa, chotero agogo ankakalipira ngakhale akuluakulu a mpingo, n'kumawakumbutsa kuti anawaona asanavale kanthu.

Ine ndinkakhala nawo chifukwa amayi anali kumtunda, ku Maniamba, kumene bambo ankaphunzitsa. Inali nthawi ya nkhondo. Chaka chimene ndinayamba sukulu, amayi anabereka mwana wamwamuna amene anatsogoza miyendo. Uthenga unafika mochedwa, agogo anakwera mapiri aja wapansi, bondo lawo lotupa likuwabweza m'mbuyo, ndipo anakapeza mwana ataikidwa kale. Atabwerako sanalire pamaso pathu. Anangochapa nsalu zimene anatenga, ngakhale zinali zosagwiritsidwa ntchito, n'kuzibwezera m'dengu.

Titamva kuti amayi ndi oyembekezeranso, agogo anangoti, "Ulendo uno mwanayo andipeza ndili pompo." Koma kunena kunali kwapafupi. Kupita msanga n'kukadikirira komweko sizikanatheka, pakuti anamwino anali atathawira ku Likoma, ndipo amimba onse a ku Msumba ndi midzi yoyandikana anatsala ndi agogo okha. Amayi nawonso sakanatsika, chifukwa galimoto zinkayenda mwa apo ndi apo, mondondozana ndi asilikali, ndipo ndizo zinkawomberedwa m'njira.

M'miyezi yomweyo anabwera amalume a Faustino, mwana wotsiriza wa agogo, amene anali atapita kukagwira ntchito ku Jeremani. Anafika atavala jekete lachikopa, kutentha konse kwa kunyanja kuja, thukuta lili kamukamu, koma kulivula ayi. Anabwera ndi njinga zamoto ziwiri, zimene kwathu timati mota. Ina inali yaikulu, yofiira, yonyezimira moti ife ana tinkadziyang'anira mano pathanki yake. Inayo inali kakang'ono kobiriwira, kotuwa, kokhala ndi chibonyongo m'mbali, kamene ankapitira kufakitale, ndipo kakalira kankamveka ngati makina osokera.

Amalume atamva nkhani ya mlongo wawo anadziguguda pachifuwa. "Mama, musadandaule. Tsikulo likafika ndikukwezani pa yofiirayi, mukafika tiyi asanazizire."

"Ukandikweze iwe?" agogo anatero, akusenda chinangwa osadzutsa mutu. "Mnyamata wa msinkhu wakowo, m'njira muja? Aboma akakugwira akuveka yunifomu, zigawenga zikakugwira zikutengera kutchire. Ndakudikira zaka zonsezi kuti ndikakupereke ndekha? Nkhalamba ngati ine palibe amene aifuna. Undiphunzitse basi, ndikwera ndekha."

Amalume anaseka mpaka anaona kuti akuseka okha.

Tsiku losankha njinga linali Lamlungu, titatuluka m'tchalitchi. Sindikudziwa amene anafalitsa nkhaniyo, koma pabwalo pathu panadzaza abambo amene sanakwerepo ngakhale njinga yopalasa, aliyense ali ndi nzeru zake. Wina anati yofiira ndiyo ili ndi mphamvu yokwera phiri. Wina anati mzamba wa mudzi wonse sangakwere kachidole, n'kuchititsa manyazi Msumba. Amalume nawo ankafunitsitsa kuti amayi awo atenge yaikuluyo, ndipo ndikukhulupirira kuti chinali chikondi, ankafuna kuwapatsa chinthu chabwino koposa chimene anabwera nacho.

Agogo anazungulira njinga zonse ziwiri pang'onopang'ono, akutsimphina. Sanafunse za liwiro. Anakhala pa yofiira, zala zakumapazi zokha n'kumakhudza pansi. Anakhala pa kobiriwira, mapazi onse n'kuponda mchenga bwinobwino. Kenaka anatsika n'kunena kuti, "Faustino, zigoneke pansi zonse ziwiri."

"Mama, pentiyo!"

"Goneka. M'njira muja ndikagwa, ndipo kugwa ndigwa ndithu. Udzakhalapo iwe kuti undidzutsire?"

Amalume anayala mphasa, nkhope ili ngati amwa mankhwala owawa, n'kugoneka njinga zija. Agogo anayamba ndi yofiira. Anaigwira zogwirira, anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, njinga n'kungotukuka pang'ono n'kubwerera pansi. Anayesanso, osatheka. Abambo awiri anathamangira kuti athandize, koma agogo anawayang'ana kamodzi kokha, iwo n'kubwerera pamalo pawo. Atafika pa kobiriwira anachita zimene palibe anayembekezera: anakafulatira, ananjuta, anatsamiritsa msana pampando, dzanja lina pa chogwirira, lina kumbuyo, n'kuyamba kukankha ndi miyendo chobwerera m'mbuyo. Kanjinga kanadzuka n'kuima.

"Yanga ndi iyi," anatero akupuma mwawefuwefu. "Imene sindingaidzutse ndekha si yanga ayi. Yofiirayo uzikopera atsikana a ku Metangula."

Kuphunzira kwake kunachitikira pabwalo la mpira la sukulu, m'mamawa, mame asanaume. Petulo ankapezeka movuta, amalume ankachita kusinthanitsa ndi utaka wouma kwa eni maboti a injini, ndiye dontho lililonse linali lowerengera. Chotero masiku oyamba agogo anaphunzira injini ili chozima, ife ana tikukankha kumbuyo, iwo akuphunzira kukhazikika ndi kugwira buleki, uku akutikalipira kuti tikukankha mokhota. Injini itayamba kulizidwa anagwa kambirimbiri. Anagwera m'munda wa chinangwa wa aphunzitsi, anagunda mtengo wa golo, ndipo tsiku lina analowa m'khola la mbuzi la eni ake pakhomo pali potseka. Nthawi zonse ankatiletsa kuyandikira. Ankadzuka, kusasa fumbi, kufulatira kanjinga kaja n'kukadzutsa. Pofika mwezi wotsatira ankapita nako kukachiritsa azimayi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, dengu la nsalu atalimanga kumbuyo ndi mphira.

Uthenga unabwera ndi mayi wina wa ku Maniamba amene ankatsika ndi chimanga kudzasinthitsa ndi nsomba. Anatula dengu lake pakhomo pathu, anamwa madzi, n'kunena kuti mimba ya amayi yatsika, masiku akwana. Agogo anamufunsa kwa nthawi yaitali za njira: adutsa pati, mitsinje ili bwanji, ndi kuti kumene anamva fungo la moto wa anthu a mfuti. Mabomba ankakwiriridwa mumsewu waukulu, modutsa matayala a galimoto, ndiye agogo anaganiza zotsata kanjira ka anthu apansi, mmene mapazi a dzulo anali kuonekabe. Njinga yofiira ija sikanakwana n'komwe m'kanjira kameneko.

Ananyamuka m'mawa mwake. Ine ndinagwira kapulana yawo n'kuyamba kulira, pakuti ndinkaopa kuti nditaya amayi ndi agogo pa ulendo umodzi. Anandichotsa dzanja, osati mwaukali. "Roza, chinangwa chili m'madzi chija uchivuule mawa, usachisiye chiwole. Ndikabwera ndidzachiona." Anaponda, kanjinga kanalira, ndipo tinamvetsera kulira kwake kukuchepa mpaka kunasowa kuseri kwa mitengo ya mango.

Masiku otsatirawo mudzi wonse unasanduka makutu. Amalume anavula jekete lija osalivalanso, ankangokhala pakhonde pafupi ndi njinga yawo yofiira, osaipukuta. Boti la injini likalira panyanja tonse tinkadzidzimuka n'kuthamangira kumsewu, n'kubwerera mwamanyazi. Ine ndinavuula chinangwa, ndinachiyanika, chinauma, ndinachisinja, agogo osaoneka. Sabata inatha. Amayi ena anayamba kubwera kudzakhala nafe osanena chimene abwerera, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Tonse tinkadikira kulira kwa injini, n'chifukwa chake palibe anawamva akufika. Unali usana, ine ndikusefa ufa kuseri kwa nyumba, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Ufa umenewo wasinja ndi maso otseka?" Nditacheuka ndinaona agogo akukankha kanjinga kaja, petulo atawathera kalekale kumapiri, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, bondo atalimanga ndi chidutswa cha kapulana, galasi la njinga litathyoka. Ndinataya sefa n'kuwakumbatira m'chiuno, ndipo kwa nthawi yoyamba sanandiuze kuti ndikuwadetsa.

Anakhala pamphasa, anamwa madzi chikho chonse, anthu atawazungulira, mitima ili m'mwamba. "Wamwamuna," anatero. "Nayenso anatsogoza miyendo, ngati mkulu wake. Koma anapeza ndilipo. Akuyamwa, ndipo mayi wake akudya."

Amayi aja analuluta. Amalume anabisa nkhope m'manja.

Za m'njira anatiuza pang'onopang'ono, masiku ena, ngati nkhani yosafunika. Anati pamene ankamva fungo la moto ankazimitsa injini n'kumakankha mwakachetechete. Anati popita, pa kamtsinje kena ka miyala yoterera, anagwa, njinga n'kuwapsinja bondo lodwala lija, madzi akuwadutsa m'chiuno, popanda munthu ngakhale mmodzi woti n'kumuitana. Anasolola mwendo, anakhala kaye pamwala mpaka maso anasiya kuchita mdima, kenaka anakafulatira kanjinga kaja n'kukadzutsa. Anafika ku Maniamba matenda atayamba kale. "Ikanakhala yofiira ija," anauza amalume, "bwenzi ndili pamtsinje pomwepo mpaka lero, ndikudziyang'anira pathanki."

Agogo anamwalira nkhondo itatha, ali pamphasa pawo, akukalipira amene ankawatembenuza. Mwana uja ndi mlongo wanga Mateyu. Chaka chatha anandipempha kuti ndimuperekeze ku Lichinga kukagula njinga yake yoyamba, yoti azinyamulira anthu. Titalowa m'sitolo anapita molunjika pa yaikulu kuposa zonse, ndipo inali yofiira. Ndinamuuza kuti aigoneke pansi.

"Achemwali, mukundichititsa manyazi," ananong'ona. Mwini sitolo naye anayamba kudandaula za penti. Ine ndinamasula kapulana yanga yapamwamba n'kuiyala pasimenti, ndipo Mateyu poona kuti sindisuntha, anaigoneka.

Mateyu sanaifulatire n'komwe. Anangowerama, anagwira zogwirira n'kuidzutsa kamodzi, osatulutsa ngakhale mpweya. Ndinamuyang'ana, chimunthu chonsecho, mapewa otambalala, miyendo ija imene inatsogola pobadwa itaponda pansi mwamphamvu, ndipo misozi inangoyamba kutsika yokha. Mwini sitolo anaganiza kuti ndikulirira kapulana yanga imene inadontheredwa oyilo, n'kuyamba kupepesa.

"Nanga tsopano mukuti bwanji?" Mateyu anafunsa.

"Tenga," ndinatero. "Ndi yako."