Nyimbo Imene Ndinayimbira Mpheta

Ndikukumbukira chaka chimene mpunga wathu unachita bwino kudambo kwathu ku Machinga, ine ndili kamtsikana ka zipsera m'mawondo. Abambo anaima m'mbali mwa munda, natyola ngala imodzi, n'kuinunkhiza. "Iwe Patuma," anatero, "mpungawu tikakolola ndikusoketsera yunifolomu, uyambe sukulu. Koma mpheta zikadya, zadya sukulu yako."

Anandimangira nsanja pakati pa munda. Kuchokera pansanjapo anakoka zingwe zinayi za luzi kupita kungodya zonse, ndipo pachingwe chilichonse anapachika zitini zokhala ndi timiyala. Lamulo lawo linali limodzi: "Usamakoke motsatana. Mbalame imaopa chodzidzimutsa. Khala chete, zikatera, gwedeza mwaukali."

Masiku oyamba ndinamvera. Dzuwa linkawotcha pamutu, matope akununkha ngati mphika wa thobwa lowola, udzudzu ukundiyesa ndiwo. Koma tsiku lina ndinazindikira kuti chitini chilichonse chili ndi mawu ake. Cha mkaka chinkalira mopyapyala ngati mkamwini wopempha malo, cha mafuta chinkabangula ngati amalume atakhuta. Ndinachotsa mwala uku, kuwonjeza uko, mpaka zingwe zinayi zija zinayamba kuyankhana. Dzanja lamanja likuti ke-ke-de, lamanzere likuti gu, phazi likukoka chachitatu, chachinayi ndili nacho kumano. Inu, inali nyimbo! Amayi opita kukatunga madzi ankaima n'kumadula chiuno ndowa zili pamutu.

Mpheta nazo zinaikonda. Zinazolowera kugunda kwake, zinaitana abale awo a kutsidya, n'kumadya mosafulumira ngati alendo a paukwati. Ine maso ali pazingwe, mtima uli m'mwamba. Patatha sabata abambo anabwera, nagwira ngala, napeza mankhusu okhaokha. Sanakalipe. Anangodula chimodzi cha zingwe zanga zoyimbira zija, ndipo chimene chinayimba madzulo amenewo ndi kumbuyo kwanga. Yunifolomu sindinaione. Mpaka lero ku banki ndimadinda chala, ndipo izi akundilembera ndi mdzukulu wanga Mariamu.

Mariamu yemweyu ndiye wandikumbutsa zonsezi. Iye anabadwira kuno ku Joni, ndipo kusukulu anamuphunzitsa kuyimba vayolini, kagitala kopanikiza ndi chibwano kaja. Lamlungu lapitali masana anandikweza tekisi kupita ku Randburg, kuholo ina kumene iye ndi anzake atatu ankayimba. Panjira anandilangiza ngati namwali: "Gogo, kumeneko sitivina, sitiyimba nthungululu, sitiwomba m'manja mpaka amalize. Ngakhale kutsokomola, pliz, musatsokomole."

Poyamba kunaimirira mzungu wa tsitsi lomanga kumbuyo, amene anapeka nyimboyo. Mayi wina wa kwathu amene anandikhazika naye ankandinong'oneza tanthauzo. Akuti bamboyu anawerenga ndakatulo yonena za khamu la timbalame tikuzungulira pamwamba pa munda ngati utsi, mtima wake unasungunuka, nalemba nyimbo. Ndinati mumtima, bambo iwe, mundawo unali wa yani? Unamufunsa mwiniwake ngati wake mtima unasungunukanso?

Kenaka anayamba. Ine ndinkayesa akukonza kaye zingwe, osadziwa kuti nyimbo ili pakati. Wina anakanda chingwe, kwiii, ngati chitseko cha bafa. Onse chete. Chete wautali, moti ndinamva m'mimba mwa bambo wa kutsogolo kwanga mukulira. Mwadzidzidzi mnyamata wa chivayolini chachikulu chokumbatira ndi miyendo anachimenya ndi chikhatho, phaa! Ndinalumpha, chikwama n'kugwa. Chete winanso. Kenaka onse anayi pamodzi, ngati amphaka atsekeredwa m'thumba. Palibe poti n'kuponda phazi, palibe poti n'kugwedeza phewa. Anthu atatseka maso, mitu ili pambali, ngati akumva kuwawa kwa dzino koma kokoma. Atamaliza, holo yonse inaimirira kuwomba m'manja.

Panja Mariamu anandithamangira, thukuta lili pamphuno. "Gogo, mwaimva bwanji? Munazimva mbalame zija?"

"Mwanawe," ndinatero, "nyimbo yanuyi ndi imene abambo anga ankaifuna. Kukhala chete, kenaka kudzidzimutsa. Ikanakhalapo chaka chija, palibe mpheta ikanatera m'munda mwathu, ndipo bwenzi lero ndikudziwa kulemba ndekha."

Anaseka mpaka kukhala pansi, koma ndinaona kuti zamukhudza, choncho ndinamugulira magwinya, mandasi a kuno.

Dziko latembenuka, anzanga. Kale mwana ankakwapulidwa chifukwa choyimba mokoma mbalame zikudya. Lero anthu osadziwa kumene mpunga umachokera amavala majekete kukamvera phokoso loingitsira mbalame, n'kumati akuzitamanda. Mariamu akuti ndidzawaphunzitse anzakewo nyimbo yanga ya zitini. Ndakana. Imeneyo ili ndi eni ake, ndipo analipira kale polowera: anadya sukulu yanga yonse.