Lamba amene ndinamutola m'bini

Ntchito yanga yoyamba kuno ku England anandipezera ndi Anaphiri, amene timapemphera nawo ku Erdington. Titatuluka m'tchalitchi anandikoka dzanja. "Amake Tadala, si paja mumatha makina? Ku Oldbury akufuna osoka."

Ine ndinkayesa ndi makatani. Nditafika, Ambuye wanga, ndinapeza chidebe cha nsalu yokhuthala, chachikulu moti ana anga atatu akanaimamo onse.

Supavaiza wathu, mayi wachizungu, a Carol, anandifotokozera pang'onopang'ono. Zidebezi amazimangirira kunsi kwa helikoputa pozimitsa moto wa m'nkhalango. Chingwe chachitali cholendewetsera chidebe amati longi laini. Kutsika kukatunga madzi padamu amati dipu, kukhuthulira madziwo pamoto amati dropu. Ine ndinkasoka malamba onyamula chidebecho: singano yonenepa, ulusi wa nayiloni, mzere kupita n'kubwerera kangapo. Lamba aliyense anali ndi nambala yake. Akapezeka ndi vuto ankamumata kapepala kofiira n'kumuponya m'bini.

Bini imeneyo inkandiwawa mtima. Kwathu ku Ntcheu chinthu chikang'ambika pang'ono sititaya, timaika chigamba. Tsiku lina ndinatolamo lamba watsopanotsopano, atangosomoka ulusi pakona. Ndinachotsa kapepalako, ndinamusokanso bwinobwino, n'kumusakaniza ndi abwino. Mumtima ndinkati ndathandiza kampani.

Mawa lake a Carol ankayesa malamba pa makina okoka. Tinangomva phaa! ngati mfuti. Makina osokera onse anaima. A Carol anatola zidutswa za lamba woduka, anawerenga nambala, nkhope n'kufiira.

"Uyu tinamutaya. Wamubweza ndani?"

Ntchito iyi ndiyo inkatisunga ndi ana, ndipo palibe anandiona. Koma ndikananama, ndikanagwada bwanji pamaso pa Mulungu? Ndinakweza dzanja.

Ananditengera ku ofesi osakalipa. Anatsegula vidiyo pa kompyuta: utsi wokhawokha, helikoputa m'mwamba, pansi pake anthu ovala zachikasu akukhapa tchire. Ine sindinkadziwa kuti pansipo pamakhala anthu!

"Dropu ikayenda bwino, awa amapuma," anatero. "Lamba wako akaduka, chidebe chimagwa ndi madzi ake onse. Amene chamugwera sadzukanso."

Ndinangogwira pakamwa, misozi chuchuchu. Ine mayi wobereka, kutsala pang'ono kupha mwana wa mnzanga chifukwa chomvera chisoni nsalu!

Anandilembera chenjezo, koma sanandichotse. Anati chifukwa ndinavomera ndekha. Mulungu awadalitse mayi amene aja.

Ndinasoka pamenepo zaka zinayi. Kuyambira tsiku limenelo, lamba ndikamukayikira sindinkadikira wina. Ndinkatenga sizasi n'kumudula pakati ndekha, kuti ngakhale dzanja langa lomwe lisadzamutolenso.