Miyala Yoyera ya Bambo Laston

Chimene sindinamvetse mwa bambo Laston a ku Magwegwe n'chikhulupiriro chawo pa thambo. Mwana wawo Nobuhle atawauza kuti akuluakulu a mzinda amayamba aona zithunzi za setilaiti asanagawe mapuloti, iwo anazunguliza kamunda kawo ka chimanga ndi miyala yopaka laimu.

"Kumwambako aone kuti pano pali mwini," ankatero, chipewa chili m'manja, maso ali m'mitambo ngati akudikira mlendo.

Pachithunzi miyala ija inaonekadi bwino. Oyeza malo anayamikira kuwongoka kwa malirewo, nakhoma zikhomo za nyumba za anthu ena momwemo.

M'mawa wina anthu anawaona bambo Laston pokwerera mabasi ku Egodini atanyamula kathumba ka mbewu ndi chitini cha laimu. Basi imene anakwera palibe akuidziwa.